MBIRI YA BALAKA NDI LIWONDE: NDANI AMAMANGA TAUNI, NDIPO NDALAMA ZAKE ZICHOKA KUTI?

Nkhani iyi inaulutsidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Zaulimi.

Lero sindikamba za mbewu kapena za mizere. Ndifuna tikambe za malo amene mbewu zathu zimapita zikachoka m'munda, ndiwo matauni athu awiri, Balaka ndi Liwonde.

Kapena wina anena mumtima mwake, "Za m'tauni zindikhudza bwanji ine wa ku Utale, ine wa ku Nselema?" Taonani, bambo. Thonje lanu mumakagulitsa kuti? Nandolo wanu amakwera galimoto pati? Mayi akadwala usiku, muthamangira naye kuti? Tsono tsiku limene mwayala matimati anu pamsika, ndipo munthu wa khonsolo wafika ndi kabuku ka matikiti, ndalama imene mupereka ija ndi imodzi mwa ndalama zimene ziyenera kumanga tauniyo. Chifukwa chake nkwabwino kuti mudziwe kumene mwambo umenewu unachokera.

Tiyambe ndi Liwonde, pakuti ndiye wamkulu pa kubadwa. Dzinali ndi la mfumu ya Chiyao imene inakhala pafupi ndi mtsinje wa Shire. David Livingstone anapita m'dera lino m'chaka cha 1859 pa ulendo wake wokaona nyanja. Azungu a Boma atafika, anachita nkhondo ndi mfumu Liwonde m'chaka cha 1893, ndipo m'chaka cha 1895 anagonjetsa mfumu Kawinga pa phiri la Chikala. Anamanga linga ku Liwonde, ndipo dziko lonse lino analitcha Upper Shire. Chimene chinawakoka si china ai, koma mtsinje. Masiku amenewo Shire ndiye anali msewu waukulu. Sitima za pamadzi zinali kuyenda kuchokera ku Matope, kupyola pa Liwonde, mpaka kunyanja.

Ndalama zoyendetsera Boma limenelo zinali kuchokera ku msonkho wa nyumba, umene unayamba m'zaka zomwezo za m'ma 1890. Makolo athu anali kupereka, koma sanali kufunsidwa kuti ndalamazo zigwire ntchito yanji. M'chaka cha 1912 kunabwera lamulo loika mafumu akulu oyang'anira anyakwawa, koma ntchito yao yeniyeni inali kuthandiza Bwana D.C. kusonkhetsa msonkho ndi kusunga mtendere.

Tsono mverani chimene chinagwera Liwonde. Madzi a m'nyanja anatsika kwambiri, kotero kuti kuyambira cha m'ma 1915 mpaka 1935 Shire analeka kutuluka bwino m'nyanja. Mchenga ndi mabango zinatseka njira, ndipo sitima zinaleka kuyenda. Malo amene anakula chifukwa cha mtsinje anazizira pamodzi ndi mtsinjewo.

M'chaka chomwecho cha 1935 njanje yochokera ku Blantyre kupita ku Salima inatha kumangidwa, ndipo mlatho waukulu wa pa Zambezi unatsegulidwanso chaka chomwecho. Njanje imeneyi sinadzere ku Liwonde. Inaoloka Shire cha kumunsi, nidzera ku Utale ndi ku Nkaya, nifika pa Balaka. Apa ndiye pamene Balaka anaimirira. Pamene pali siteshoni pamafika katundu. Pamene pafika katundu pamamangidwa masitolo. Amwenye anamanga masitolo ao, ogula thonje anafika, ndipo anthu ochokera kumapiri a ku Ntcheu ndi kumadera a kunyanja anayamba kukomana pamenepo. Ambiri amati njanje ndiyo inamanga Balaka. Ine ndinena kuti njanje inangotsegula khomo. Chimene chinalowa pakhomopo ndi thonje la agogo anu. Chigwa chino n'chotentha, mvula yake njochepa, chimanga chimakana zaka zina, koma thonje limalola. Popanda alimi, siteshoni ikadakhala malo omwetsera sitima madzi basi.

Pa nkhani ya ulamuliro, chaka chofunika kwa inu mafumu ndi 1933. M'chaka chimenecho Boma linapatsa mafumu akulu mphamvu zoweruza milandu m'mabwalo ao ndi zoika malamulo ang'onoang'ono m'madera ao. Pambuyo pake mafumuwo anapatsidwanso thumba laolao la ndalama, m'mene munali kulowa gawo la msonkho, ndalama za milandu ndi za ziphaso. Ndi thumba limeneli anali kulipira alembi ndi amesenjala, kumanga mabwalo a milandu, kukumba zitsime ndi kukonza misika. Ndalamazo zinali zochepa, ndipo Bwana D.C. anali kuyang'anira bukhu lililonse. Komabe apa ndiye panayambira nzeru yakuti ndalama yosonkhedwa m'dera igwire ntchito m'dera momwemo.

M'chaka cha 1953 kunadza lamulo lokhazikitsa makhonsolo a m'maboma. Poyamba m'khonsolo munali Bwana D.C., mafumu ndi anthu ena osankhidwa ndi Boma. Koma pofika nthawi ya ufulu m'chaka cha 1964 makhansala anali kusankhidwa ndi anthu. Akuluakulu amene anaona masiku amenewo amasimba kuti khonsolo inali ndi mphamvu ndithu. Inali kuyang'anira sukulu za pulaimale, misewu ya m'midzi, misika, nyumba zogona alendo ndi zipatala zazing'ono. Koma dziko litakhala la chipani chimodzi m'chaka cha 1966, mphamvu zambiri zinabwerera ku likulu pang'onopang'ono. Maunduna anatenga ntchito, natenganso ndalama zake. Chitukuko chinayamba kukambidwa m'komiti imene wapampando wake anali Bwana D.C., ndipo khonsolo inatsala ndi misika, mabala ndi zinyalala.

Boma lino masiku amenewo linali kutchedwa Kasupe. Dzina la Machinga linabwera pambuyo pake, ndipo Balaka anali m'kati mwa boma lomweli.

Tibwererenso ku Liwonde, pakuti mwayi wake unadzukanso. M'chaka cha 1956 anayesa kutseka Shire pa Liwonde ndi khoma la dothi, koma linagumulidwa m'chaka cha 1957. Anthu anali kuoloka pa pantoni. Ena a inu mukumbukira kuti mu February 1965 gulu la Henry Masauko Chipembere, pochokera ku Fort Johnston kupita ku Zomba, linaima pa Liwonde chifukwa pantoniyo inali tsidya lina. Chaka chomwecho cha 1965 ndi chimene mlatho wa zitseko, wotchedwa Kamuzu Barrage, unamangidwa, kuti madzi a Shire aziyenda mwa muyeso kupita ku makina a magetsi a ku Nkula, amene anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1966. Ndipo m'chaka cha 1970 njanje yatsopano inatsegulidwa kuchokera pa Nkaya, kuoloka pa Liwonde, mpaka ku Nayuchi, kumene ikomana ndi njanje ya ku doko la Nacala. Nkhalango ya nyama ya Liwonde inakhazikitsidwa m'chaka cha 1973.

Taganizani tsono: mtsinje, msewu ndi njanje, zonse pamalo amodzi. Anthu a mapulani ku likulu anaona kuti palibe malo ena otere m'dziko muno. Anajambula mapu a tauni yatsopano, ya mafakitale ndi doko, nagawa malo a nyumba, a masitolo ndi a ntchito. Maganizowo anali abwino, koma nkhondo ya ku Mozambique inawadula miyendo. M'zaka za m'ma 1980 njanje ya ku Nacala inaonongedwa kawirikawiri, ya ku Beira inatsekeka, ndipo katundu wa dziko lino anayamba kuzungulira pa magalimoto. Nkhondoyo inatha m'chaka cha 1992, koma pofika nthawiyo mafakitale ambiri amene anayembekezedwa anali asanabwere. Malo amene anasungidwira ntchito anamera tchire, ndipo anthu anayamba kumanga pamene apeza.

Balaka nayenso anapunthwa kawiri. Choyamba, m'zaka za m'ma 1970 Boma linalamula kuti Amwenye achoke m'malo a malonda a kumidzi, ndipo pofika 1978 anali kuloledwa kuchita malonda m'mizinda inayi yokha: Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu. Masitolo anatsala m'manja mwa anthu athu, koma ambiri analibe mpamba wodzazira mashelefu. Chachiwiri, kale munthu wochokera ku Blantyre kupita ku Lilongwe anali kudzera ku Zomba, ku Liwonde ndi ku Balaka, nadya nsima ndi kugona m'matauni athuwa. Msewu wa ku Zalewa utatsegulidwa, magalimoto ambiri anayamba kudzera ku Phalula ndi pa Chingeni, osalowa m'tauni. Ndalama ya wapaulendo inapita ndi msewu.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 dziko la Germany linathandiza Boma lathu pa ntchito yokonza matauni apakati, ndipo Balaka ndi Liwonde anali m'gulumo. Ndalama zimenezo zinali zomangira misika, madepoti a basi ndi zina zotere. Cholinga chake chinali chakuti khonsolo ya tauni ipeze zinthu zoibweretsera ndalama, kuti pambuyo pake idzisamale yokha. Apa mpamene ndifuna mumvetse bwino. Mlendo angathe kukumangirani msika, koma sadzabwera chaka ndi chaka kudzasintha malata, kudzapopa chimbudzi, kapena kudzachotsa zinyalala. Zimenezo ndi za eni mudzi. Kumanga n'kwa chaka chimodzi. Kusamala n'kwa zaka zonse, ndipo kusamalako ndi kumene kwativuta koposa.

Chaka cha 1998 chinabweretsa zinthu ziwiri zazikulu. Balaka anapatulidwa kuchoka ku Machinga, nakhala boma palokha. Ndipo Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la maboma ang'onoang'ono, pamodzi ndi mfundo imene tonse tiidziwa ndi mau akuti "mphamvu ku anthu". Mfundoyo inanena kuti ntchito za sukulu, zaumoyo, zaulimi ndi zina zibwerere ku makhonsolo, ndi kuti Boma lizipereka kwa makhonsolo magawo asanu mwa magawo 100 alionse a ndalama zimene dziko lisonkha. Muyeso umenewu wakhala wobvuta kuukwanitsa, ndipo makhonsolo akhala ali kudandaula za ichi kwa zaka zambiri. Makhansala anasankhidwa mu November 2000. Pa nthawiyo kuno kwathu kunali makhonsolo anayi: wa boma la Machinga, wa boma la Balaka, wa tauni ya Liwonde ndi wa tauni ya Balaka.

Nthawi ya makhansalawo inatha m'chaka cha 2005, ndipo chisankho china sichinachitike mpaka mu May 2014. Zaka zisanu ndi zinayi, abale anga, popanda khansala. Msonkho wa pamsika unali kusonkhedwa tsiku lililonse, koma panalibe munthu wosankhidwa ndi inu woti afunse kumene upita. M'kati mwa zaka zomwezo, m'chaka cha 2010, makhonsolo a matauni asanu anathetsedwa, naphatikizidwa ku makhonsolo a maboma ao. Matauniwo ndi Balaka, Liwonde, Dedza, Salima ndi Karonga, ndipo makhonsolo onse m'dziko anatsala 35.

Kodi chimenechi chinali chabwino kapena choipa? Ine ndiona mbali ziwiri, koma sizilingana kulemera kwake. Nzoona kuti khonsolo ya tauni yaing'ono inali kutha ndalama zake zambiri polipira antchito ake omwe. Nzoonanso kuti msika wa pa Balaka umadzazidwa ndi anthu a kumidzi, kotero si kulakwa kuti ndalama yake ithandizenso ku Kankao ndi ku Ulongwe. Koma tauni ili ndi zofuna zake zimene mudzi ulibe: ngalande za madzi, nyale za mumsewu, malo otayira zinyalala, ndi munthu woletsa kumanga pamsewu. Khonsolo ya boma ili ndi ana ambiri. Pa kalembera wa 2018, boma la Machinga linapezeka ndi anthu oposa 735,000, ndipo la Balaka oposa 438,000. Tauni ya Liwonde ndi tauni ya Balaka, iliyonse inali ndi anthu oposa pang'ono 36,000. Mwana mmodzi pakati pa ana ochuluka chotere, ngakhale ndiye wobweretsa ndiwo pakhomo, mau ake samveka msanga. Mvula ikagwa yambiri pa Balaka, pamene dziko lili lathyathyathya, aliyense amaona ndi maso ake tanthauzo la ngalande yosakumbidwa.

Tsono ndalama za khonsolo zichoka kuti? Njira yaikulu ndi ya ku Boma, koma zambiri mwa ndalama zimenezo zimabwera zitamangidwa kale mfundo: izi nza sukulu, izi nza chipatala, izi nza ulimi. Khonsolo singathe kutenga za mankhwala kukamangira msika. Palinso thumba la chitukuko cha m'boma, ndi thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, limene linayamba m'chaka cha 2006. M'chaka cha 2020 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza thandizo lina limene lamulo lake linali lakuti khonsolo yosunga bwino mabuku ake ndiyo ilandire zambiri, ndipo yolephera mayeso a mabuku ichepekedwe. Koma ndalama imene khonsolo ili nayo ufulu weniweni ndi imene isonkha yokha: matikiti a pamsika, ziphaso za masitolo ndi za mabala, ndalama za padepoti, lendi ya nyumba zake, ndi msonkho wa nyumba ndi malo a m'tauni. Msonkho wa nyumbawu ndiwo umanyamula mizinda ikuluikulu, koma sungasonkhedwe bwino ngati nyumbazo sizinalembedwe m'kaundula ndi kuyesedwa mtengo wake. Ndipo kulembako kumafunanso ndalama. Chifukwa chake m'matauni athu katundu wolemera amagwera mayi wogulitsa masamba.

Ndikuuzeni chimene ndinaona ndekha. Tsiku lina ndinaperekeza alimi a kalabu yathu kukagulitsa anyezi pa msika wina, umene sindiutchula. Wosonkhetsa anafika, natchula mtengo wa tikiti; kenaka ananong'oneza kuti amene safuna pepala angopereka theka. Alimi asanu mwa asanu ndi awiri anapereka thekalo mokondwa, nayesa kuti apindula. Masana mvula inagwa. Denga la shedi linali lodontha, pansi panali matope, ndipo anyezi ena ananyowa. Amene anayamba kutukwana khonsolo ndi omwe aja anapereka theka. Sindinawadzudzule pamaso pa anthu, koma pobwerera ndinawafunsa kuti malata atsopano akadagulidwa ndi ndalama iti, popeza yao inalowa m'thumba la munthu. Komanso ndinene mbali inayo poyera: munthu amene wapereka tikiti zaka khumi, osaona chimbudzi kapena mpopi pamsika, ali ndi chifukwa chokwiyira. Kusapereka sikumanga kanthu, koma kufunsa n'koyenera. Misonkhano ya khonsolo, mwa lamulo, njololedwa kuti anthu akamvere, ndipo kuyambira m'chaka cha 2020 lamulo lopatsa anthu ufulu wofunsa nkhani za m'maofesi a Boma linayamba kugwira ntchito.

Za madzi ndinene mwachidule. Balaka wakhala akumwa madzi ochokera ku damu la Mpira, kumapiri a ku Ntcheu. M'chaka cha 2018 damulo linaphwa, ndipo mipopi inauma m'tauni ndi m'midzi momwe. Mitengo imene inadulidwa kumtunda ndi minda imene inalimidwa m'mphepete mwa mitsinje zinali ndi gawo lake pa tsokalo. Apa mlangizi wa zaulimi ndi munthu wa mapulani a tauni alankhula chinthu chimodzi.

Tsopano ndilankhule ndi inu anyakwawa, makamaka amene midzi yanu yagundana ndi tauni. Boma linatulutsa masomphenya a Malawi 2063 mu January 2021, ndipo pambuyo pake linasankha malo asanu ndi atatu oti adzakule kukhala mizinda. Liwonde ali m'gulumo, pamodzi ndi Karonga, Nkhata Bay, Kasungu, Salima, Mangochi, Luchenza ndi Bangula. Chifukwa chake n'chomwe chija cha 1970: mtsinje, msewu ndi njanje. Kusiyana kwake n'kwakuti njanje ya ku Nacala inakonzedwanso, ndipo inalumikizidwa pa Nkaya ndi njanje yatsopano yochokera ku migodi ya malasha ya ku Moatize. Ku Balaka nakonso, miyala ya pa phiri la Kangankunde yakoka anthu a migodi ochokera kunja. Zoterezi zikamveka, ogula malo amafika msanga, ndalama zili m'manja.

Mwaona kale chimene chimachitika. Munthu agula munda, audula mapuloti ang'onoang'ono, osasiya njira. Nyumba zimera mothithikana. Zaka zikapita, khonsolo ifuna kupititsa msewu kapena paipi ya madzi, nipeza kuti palibe podzera, koma kugwetsa nyumba ndi kulipira chipukuta misozi, ndipo ndalama imene ikadakumba ngalande ithera pamenepo. Mlimi amene anagulitsa munda uja ndalama anadya kale, ndipo ana ake ali kuchita ganyu m'munda wa eni. M'chaka cha 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa malamulo atsopano a malo. Limodzi linanena kuti mapulani a kamangidwe akhudza dziko lonse, si mizinda yokha ai. Lina linakhazikitsa makomiti a malo a makolo, amene wapampando wake ndi gulupu, pamodzi ndi anthu osankhidwa ndi mudzi, amai ali momwemo. Chotero, mfumu, musanavomere kuti malo a pafupi ndi tauni adulidwe, pitani ku ofesi ya khonsolo, mukapemphe kuona mapu. Mukaone pamene padzapita msewu, pamene pasungidwira sukulu, msika ndi manda, ndi pamene pali njira ya madzi. Dambo limene agogo anu sanamangepo, anali ndi chifukwa. Madzi osefukira a mu January 2015 ndi a namondwe Freddy mu March 2023 anatikumbutsa zimenezo.

Njira yofikitsira zofuna zanu ku khonsolo muidziwa: komiti ya chitukuko ya kwa gulupu ilemba zofuna za midzi, izipereka ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, ndipo kuchokera kumeneko zilowa m'pulani ya boma lonse. Mafumu akulu, monga a Kawinga, a Liwonde, a Nsamala ndi a Kalembo, amakhala nawo m'khonsolo ndi kulankhulamo, ngakhale saponya voti. Koma ndaona kuti m'misonkhano ya m'midzi timapempha mjigo, mlatho ndi chipinda cha sukulu, ndipo palibe amene atchula msika wa m'tauni, ngati kuti ngwa eni ake ena. Shedi yosungiramo nandolo, sikelo yoona, malo oimikapo ngolo ndi njinga, khola la mbuzi ndi ng'ombe za malonda, madzi ndi chimbudzi pamsika, zonsezi ndi zofuna za mlimi, ndipo zikapanda kulembedwa kumudzi sizidzaoneka m'pulani. Musatume mwana kukakumverani msonkhano wotere. Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Chinthu chimodzi chotsiriza, cha masiku. Kuyambira m'chaka cha 2022 chaka cha ndalama za Boma chimayamba pa 1 April, osati pa 1 July monga kale. Ndiye kuti makhonsolo amakonza ndondomeko ya ndalama zao m'miyezi ya mvula, pamene inu muli kalikiliki kupalira ndi kupopera thonje. Chotero zofuna za mudzi wanu zilembedwe m'chilimwe, mvula isanagwe, ndipo mlembi wa komiti asunge pepala lina lofanana nalo, kuti khansala akadzabwera mudzamufunse muli nalo m'manja.

Sabata ya mawa, nthawi yomwe ino, tidzakamba za kuzula ndi kutentha mapesi a thonje. Tsalani bwino.